Mlendo wa zaka 3,000 akadali mlendo?

Mtengo wa bwemba uli ndi dzina losocheretsa. M'mabuku a sayansi umalembedwa kuti Tamarindus indica, ndipo wowerenga aliyense angaganize kuti kwawo ndi ku India. Dzinali linayambira kwa Aluya, amene ankatcha chipatso chake tamr hindi, ndiye kuti chipatso cha kanjedza wa ku India, poti ankachigula kwa amalonda a kumeneko. Katswiri wa zomera wa ku Sweden Carl Linnaeus, polemba mayina a zomera mu 1753, anangotola dzina lomwelo. Komatu akatswiri ambiri a zomera amagwirizana kuti mtengowu unayambira ku Africa. Ku India unachita kupita, kalekale, moti palibe cholembedwa chonena amene anautenga kapena chaka chimene unafika. Lero uli m'mbali mwa misewu, m'mabwalo a akachisi ndi kuseri kwa nyumba kuyambira ku Gujarat mpaka ku Tamil Nadu. Mutaima pansi pa umodzi mwa mitengoyo n'kuuza nkhalamba ya m'mudzimo kuti mtengo umene agogo a agogo ake ankausa pamthunzi pake ndi wobwera, ingakuyang'aneni kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Kodi mlendo amasiya liti kukhala mlendo? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga mame amene atha zaka 3,000 osakamuka tiziwatcha chiyani? Wina anena kuti ili ndi funso la anthu osowa chochita, koma yankho lake ndi limene limagamula kuti chomera chiti chilembedwe m'kaundula wa zotetezedwa, chiti chizulidwe, ndiponso kuti ndalama zochepa zosamalira chilengedwe zipite kuti.

Asayansi ali nalo dzina la alendo okhalitsawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri awiri a ku Switzerland, Martin Rikli ndi Albert Thellung, anayamba kugawa zomera zobwera potengera nthawi imene zinafika. Zimene anthu anabwera nazo m'masiku amakedzana, mwadala kapena mosadziwa, n'kuyamba kumera pazokha, zinatchedwa archaeophyte, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza chomera chakale. Zofika mochedwa ndi neophyte, chomera chatsopano. Malire ake m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi chaka cha 1492, pamene Christopher Columbus anafika ku America, pomwe a ku Britain amangoti 1500.

Ine ndaima apa: zomera zobwera kalekalezi ziyenera kusamalidwa monga timasamalira zomera zimene ndi mbadwa za dera. Zakhala ndi anthu nthawi yaitali kwambiri, zamanga ubale ndi njuchi, mbalame ndi nthaka, ndipo zambiri mwa izo zikutha popanda wozilira. Koma ndikukananso, mwamphamvu chimodzimodzi, amene amagwiritsa ntchito mbiri ya zomerazi ngati kiyi wotsegulira chitseko chomera chilichonse chatsopano.

Tiyambe ndi malire aja. Chaka cha 1492 n'chomveka kwa munthu wa ku Ulaya, chifukwa kuchokera pamenepo zombo zinayamba kutuluka ndi kulowa ndi mbewu za m'mayiko amene iye sankawadziwa. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Indian, chaka chimenechi sichinali chiyambi cha ulendo uliwonse. Mchewere unayamba kulimidwa m'chigwa cha Tilemsi ku Mali zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, mapira kum'mawa kwa Sudan zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Pakati pa zaka 4,000 ndi 3,000 zapitazo, mbewu ziwirizi, pamodzi ndi mawere ndi khobwe, zinali zitawoloka nyanja n'kufika ku India. Kumeneko zili ndi mayina a komweko, mchewere ndi bajra, mapira ndi jowar, mawere ndi ragi, ndipo lero India ndiye amakolola mchewere wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Amene ananyamula mbewuzi sanasiye dzina. Mwina anali asodzi, mwina amalonda a timabwato tating'ono oyenda cham'mbali mwa gombe. Umboni wokha wa ulendo wawo ndi njere zopserera zimene akatswiri ofukula zakale amazipeza m'phulusa la m'midzi yamakedzana.

Ulendo wobwerera unabweretsa nthochi. Ku Kuk, m'mapiri a ku Papua New Guinea, anthu ankalima nthochi zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Nthochi yodyedwa ilibe njere zoti mphepo kapena mbalame n'kuzinyamula. Kuti ifike kutsidya la nyanja, munthu anayenera kukumba mwana wa nthochi, kumukulunga, kumusamalira m'bwato kuti asaume kapena kuola ndi madzi amchere, n'kukamubzala kumtunda wachilendo. Ndikaganizira ntchito imeneyi mtima wanga umakhudzika. Zimene anafukula ku Nkang m'dziko la Cameroon zachititsa akatswiri ena kunena kuti nthochi zinali zitafika kumeneko zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Ndipo zitafika sizinakhale momwe zinabwerera. Alimi a ku Uganda, Rwanda ndi Burundi, posankha ndi kubzala mibadwomibadwo, anatulutsa mitundu yambirimbiri ya nthochi za kumapiri zimene ku Asia kulibe. Ndiye tiziti ndi za ndani? Ku Madagascar, kumene chinenero chake n'chachibale ndi zinenero za ku Borneo, obwera pa mabwato anatenga mpunga wa ku Asia, ndipo njere zake zapezeka m'mabwinja a pakati pa zaka za m'ma 700 ndi 900 kumeneko ndi ku zilumba za Comoros. Ibn Battuta atafika ku Mogadishu mu 1331 anapeza kale mango.

Kusamutsa zomera mwadala ndi khalidwe lakale kwambiri la munthu. Pa makoma a kachisi wa ku Deir el-Bahari ku Egypt pali zithunzi zosema za ulendo umene mfumukazi Hatshepsut inatumiza ku dziko la Punt zaka pafupifupi 3,500 zapitazo. Amuna akukweza m'zombo mitengo yamoyo ya zofukiza, mizu yake ili m'madengu pamodzi ndi dothi lake, dengu lililonse litapachikidwa pa mtengo wonyamulira. Zolembedwa pamenepo zimati mitengoyo inali 31. Anthu a ku Polynesia nawo, pofika ku Hawaii zaka 800 kapena 1,000 zapitazo, anali ndi mitundu yoposa 20 ya zomera m'mabwato awo, kuphatikizapo koko, nzimbe ndi mtengo wa kukui, umene mtedza wake wamafuta ankautunga pakamtengo n'kuuyatsa ngati nyali. Mu 1959 boma la Hawaii linasankha kukui kukhala mtengo woimira chigawocho. Wobwera anasanduka chizindikiro cha eni nthaka, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Nthawi zina ngakhale funso loti ndani anabweretsa chomera limasowa mwini. Mphonda, imene imatipatsa zikho ndi zipanda, kwawo ndi ku Africa, koma ku America inalipo kale zaka 10,000 zapitazo. Kafukufuku wa DNA wa mu 2014 anasonyeza kuti n'kutheka zipanda zinangoyandama zokha kuwoloka nyanja ya Atlantic. Ngati ndi choncho ndiye kuti ndi mbadwa, poti sanaitenge munthu. Ikanakhala kuti inadutsa m'chikwama cha mlenje ikanakhala yobwera. Chomera chomwecho, m'nthaka yomweyo, chikuchita zomwezo. Apa m'pamene ndimaona kuti kugamula mlandu wa chomera pongofunsa kumene makolo ake anachokera ndi muyeso wosakwanira.

Komabe mbewu zolimidwa zili ndi ozisamala. Alendo amene ndikuwadera nkhawa kwambiri ndi aja amene sanaitanidwe n'komwe.

Ulimi wa tirigu ndi balere unayamba ku Middle East zaka zoposa 10,000 zapitazo, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowa ku Ulaya mpaka kufika ku Britain zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. M'thumba lililonse la mbewu munkabisala njere za udzu ndi maluwa a m'munda. Mlimi ankapeta, kusefa ndi kusankha, koma njere zofanana ndi tirigu kukula ndi kulemera kwake zinkapulumuka. Chaka ndi chaka, mosadziwa, mlimi yemweyo ankasankha udzu wofanana kwambiri ndi mbewu yake. Umu ndi momwe unapangikira udzu wa Lolium temulentum, umene akatswiri ambiri amati ndiwo uli m'fanizo lija la Yesu la tirigu, limene omasulira Baibulo anaupatsa dzina la namsongole. Ukadali waung'ono sungausiyanitse ndi tirigu. Ngala ikatuluka m'pamene umaonekera, yowonda, timagulu ta njere titakhala mosinthana uku ndi uku. Njere zake zikalowa mu ufa zimachititsa chizungulire ngati munthu waledzera, ndipo mawu oti temulentum m'Chilatini amatanthauza woledzera. Katswiri wa ku Russia Nikolai Vavilov ndiye anafotokoza kuti mbewu za rye ndi oats, zimene ndi za banja la tirigu, zinayamba chonchi, ngati udzu wa m'munda wa tirigu ndi balere. Ulimi utafika kumadera ozizira a nthaka yosauka, tirigu ankafooka, udzu uja n'kumakula bwino, mpaka alimi anayamba kuulima mwadala. Vavilov, amene anathera moyo wake wonse kufunafuna mbewu zothetsa njala, anafa ndi njala m'ndende ya ku Saratov mu 1943. Sindingalembe dzina lake osanena zimenezi.

Tiyeni tiyang'anitsitse duwa limodzi, Agrostemma githago. Limatalika kufika m'chiuno mwa munthu, tsinde lake lowonda laubweya wotuwa, pamwamba pake duwa limodzi lofiirira motuwa la timasamba tisanu, ndi timasamba tina tobiriwira tosongoka totulukira m'mbali ngati nyenyezi. Njere zake ndi zakuda, zokhakhala, zazikulu moyandikira njere ya tirigu. Chikho chake cha njere sichifulumira kumwaza, chimadikira chikwakwa cha wokolola. Njere ikagwera pansi siikhalitsa m'nthaka. Ndiye kuti moyo wonse wa duwali unatsamira pa dzanja la munthu: likololedwe ndi tirigu, lipunthidwe naye, ligone naye m'nkhokwe, lifesedwe nayenso. Kwa zaka mazana ambiri linali paliponse m'minda ya ku Ulaya. Atabwera makina osefa mbewu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako mankhwala opha udzu kuyambira m'ma 1940, ulendo wake unathera pomwepo. Ku Britain lero kulipeza likumera lokha m'munda wa tirigu ndi mwayi waukulu. Namsongole uja nayenso anatsala pang'ono kutheratu kumeneko. Udzu wina umene unkamera m'minda ya fulakesi yokha unazimiririka m'mayiko angapo ulimi wa fulakesi utachepa.

Popi wofiira, duwa linanso la m'minda ya tirigu, anapulumuka chifukwa njira yake ndi ina. Njere zake ndi zazing'ono ngati mchenga ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka makumi angapo kudikira kuti wina atembenuze dothi. N'chifukwa chake anamera mochuluka m'minda ya ku Flanders m'dziko la Belgium mabomba a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 atagalauza nthaka, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Britain amavala duwa lake pachifuwa pokumbukira asilikali pa 11 November. Duwa la buluu la Centaurea cyanus, limene linafalikira ndi minda ya tirigu ndi rye, ndilo duwa la dziko la Estonia. Mitima ya anthu inagamula kale nkhaniyi. Malamulo a zachilengedwe ndiwo anatsalira.

Vuto la zomerazi n'lakuti ndi ana amasiye. Mlimi amaziona ngati udzu. Wosamalira chilengedwe, kwa nthawi yaitali, ankaziona ngati zobwera, zosayenera malo m'nkhalango zotetezedwa. Wosunga mbewu m'mabanki a mbewu amafuna zodyedwa. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti si zake. Mu 2004 Christopher Preston, David Pearman ndi Allan Hall anasanthula umboni wa zofukulidwa ndi zolembedwa zakale n'kupeza mitundu 157 ya zomera za ku Britain imene ikuoneka kuti inabwera ndi anthu chisanafike chaka cha 1500. Chaka chotsatira, mu 2005, kaundula wa zomera zimene zili pangozi ku Great Britain anayesa zomera zobwera kalezi ndi muyeso womwewo wa mbadwa. Ndikuona kuti anachita bwino, ndipo mayiko ena atengerepo phunziro. Ku Germany, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi ena akhala akulipidwa kuti asapopere mankhwala m'mphepete mwa minda yawo, mamita ochepa chabe, kuti maluwa a m'munda apezeko pokhala. Nkhalango yotetezedwa singawathandize maluwa amenewa. Mukangosiya kulima, udzu wokhalitsa ndi zitsamba zimawaphimba. Amafuna khasu kapena pulawo chaka ndi chaka.

Ndikudziwa chimene mlimi angandiyankhe, ndipo sindichipeputsa. Udzu ndi udzu. Umadya chakudya cha mbewu, umachepetsa zokolola, ndipo njere za Agrostemma githago ndi za namsongole ndi poizoni mu ufa. Makolo amene ankakhala pansi kusankha njere zakuda m'tirigu imodziimodzi sakanalira kumva kuti makina athetsa ntchito imeneyo. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti poizoni abwerere m'buledi. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono: mphepete mwa munda, minda ingapo yosankhidwa m'dera lililonse yolimidwa mwachikale, ndi kuti mlimi wochita zimenezi alipidwe, poti akusungira anthu onse. Timasunga nyumba zakale, mbiya zosweka ndi zolemba za pamiyala ngakhale sitiphikira kapena kugonamo. Duwa limene linayenda ndi alimi oyamba kuchokera ku Middle East mpaka kugombe la Atlantic ndi umboni wa ulendo womwewo, kungoti ndi umboni wamoyo, umene ukafa sungaumbidwenso.

Ndipo si nkhani ya mbiri yokha. M'zaka zikwi zonsezi zamoyo zina zinaphunzira kudalira alendowa. Ku Ulaya kuli kanjuchi kotchedwa Hoplitis papaveris, kamene kamakumba kauna m'dothi, n'kudula tizidutswa ta duwa la popi, n'kuyala m'kati mwa unamo ngati nsalu yofiira kasanaikire dzira. Njiwa ya mtundu wa Streptopelia turtur, imene imauluka chaka ndi chaka pakati pa Ulaya ndi chigawo cha Sahel, imadya njere za udzu wa m'minda, ndipo chiwerengero chake ku Britain chatsika ndi zoposa 90 peresenti kuchokera mu 1970. Zifukwa zake ndi zingapo, kuphatikizapo kusakidwa panjira, koma kusowa kwa njerezi ndi chimodzi mwa zikuluzikulu. Mukazula mlendo wa zaka 5,000, mumazula pamodzi ndi onse amene anamanga moyo wawo pa iye.

Tsopano ndifike kwa anzanga a mbali ina, amene akamva zonsezi amawomba m'manja n'kunena kuti: mwaona, chomera chilichonse chinali chobwera tsiku lina, ndiye kulimbana ndi zomera zachilendo ndi tsankho chabe. Mkangano umenewu unatentha mu 2011, pamene Mark Davis ndi asayansi anzake 18 analemba m'magazini ya Nature kuti zamoyo ziziweruzidwa potengera zochita zake, osati kochokera. Daniel Simberloff anayankha ndi kalata imene inasainidwa ndi asayansi 141. Mfundo ya Davis ndimagwirizana nayo ikakhala pa chomera chimene chili kale pakati pathu. Ikafika padoko, pabwalo la ndege kapena pa nazale yoitanitsa maluwa kunja, ndimaisiya. Chomera chimene sichinafike chilibe zochita zoti tiweruzire, ndipo tikadikira kuti tizione timapeza madzi afika kale m'khosi.

Pajatu alendo akale amene tikuwaona lero ndi amene anatsala nthawi itasefa. Sitikudziwa bwino zimene zinatayika pamene iwo ankakhazikika, chifukwa panalibe wolemba. Amaoneka ofatsa chifukwa ambiri a iwo amakhala m'minda ndi m'mbali mwa njira, malo amene munthu anasokoneza kale, ndipo tizilombo ndi matenda a m'deralo anawazolowera n'kuyamba kuwadya. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali. Ingo Kowarik, atafufuza mitengo ndi zitsamba zobwera ku Brandenburg m'dziko la Germany, anapeza kuti pa avereji pankapita zaka 147 kuchokera pamene chomera chabzalidwa koyamba kufika pamene chayamba kufalikira chokha. Ndiye kuti mtengo wokongola umene munthu akuitanitsa lero ukhoza kukhala chete moyo wake wonse, mavuto n'kudzagwera zidzukulu za zidzukulu zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Namasupuni anachoka ku South America ngati duwa lokongoletsa maiwe. Atalowa m'nyanja ya Victoria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anatseka madoko ngati la Kisumu, mabwato a asodzi n'kumakanika kutuluka.

Liwiro nalonso lasintha. Tirigu ndi udzu wake zinatenga zaka pafupifupi 4,000 kuchoka ku Middle East kufika ku Britain. Lero njere imawoloka dziko lonse m'tsiku limodzi itakanirira ku nsapato. Lipoti la mu 2023 la IPBES, bungwe la mayiko lofufuza za zamoyo ndi chilengedwe, linati mitundu yoposa 37,000 ya zamoyo yakhazikika kunja kwa kwawo chifukwa cha zochita za anthu, ndipo yoposa 3,500 mwa iyo ndi yowononga. Linati chiwonongekocho chinkaposa madola 423 biliyoni a ku America pachaka pofika 2019, ndi kuti zamoyo zoterezi zinatengapo mbali pa 60 peresenti ya mitundu ya nyama ndi zomera imene inatheratu. Manambalawa akunena zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo tizimve zonse. Alendo ambiri savuta. Ochepa amene amavutawo amavuta koopsa.

Ndiyeneranso kuvomera kuti ukalamba si chikalata cha khalidwe labwino. Bango lalikulu la Arundo donax linachokera ku Asia n'kufika m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean zaka zikwi zapitazo. Anthu ankapangira mipanda, madenga, madengu ndi zitoliro, ndipo mpaka lero timalilime ta zida zoimbira ngati clarinet timasemedwa kuchokera ku bango limeneli. Pamene anthu ankalidula chaka ndi chaka linkakhala m'malire. Atasiya kulidula, ladzaza m'mbali mwa mitsinje yambiri ku Spain, kupitikitsa mitengo ya m'mphepete mwa madzi, ndipo madzi akasefukira mabango othyoka amaunjikana pa milatho. Lili m'gulu la zamoyo 100 zowononga kwambiri zimene IUCN, bungwe la padziko lonse losamalira chilengedwe, linatchula. Pamenepa sindingaime kumbali ya bango chifukwa choti ndi lakale. Lidulidwe pamene likutsamwitsa mtsinje.

Chinanso, kufatsa kwa mlendo wakale n'kwa pamalo amene anazolowera. Udzu wa Avena fatua ndi Bromus tectorum, umene unayenda ndi alimi akale ku Ulaya, unaphunzira kwa zaka zikwi kukhala pamodzi ndi pulawo ndi ziweto. Utawoloka kupita ku America unapeza udzu wa kumeneko usanakumanepo ndi zoterezi. Kuchokera pamene Asipanishi anayamba kumanga mamishoni ku California mu 1769, madambo a kumeneko anasintha mpaka udzu wobwera unachuluka kuposa wa mbadwa. Bromus tectorum wadzaza chigawo cha Great Basin kumadzulo kwa United States, amauma msanga, ndipo moto wolusa umabwera pafupipafupi kuposa kale. Chomera chimodzi chikhoza kukhala cholowa chofunika kuteteza kutsidya lino la nyanja, n'kukhala mliri kutsidya linalo. Amene akufuna lamulo limodzi losavuta, loti zobwera zonse zizulidwe kapena zonse zilandiridwe, akuthawa ntchito yoyang'ana chomera chilichonse pamalo pake.

Ntchito imeneyo ndi yotheka, ndipo pa alendo akale ndi yosavuta kuposa pa atsopano, chifukwa mbiri yawo ndi yaitali. Tikudziwa kumene amamera, zimene amadyetsa, ndi pamene amalekezera. Chimene chikusowa m'mayiko ambiri kunja kwa Ulaya ndi kaundula amene. Ku Africa, ku Asia ndi kuzilumba za Pacific, kumene kusinthana zomera kunayamba kale kwambiri, mabuku ambiri amangogawa pawiri, mbadwa ndi chobwera, ngati kuti mtengo umene unafika ndi mabwato a matanga zaka 1,000 zapitazo ndi chimodzimodzi ndi umene unatsika m'ndege chaka chatha. Dera lililonse liyenera kudziikira malire ake potengera mbiri yake, osati kubwereka 1492. Ndipo ofufuza azifunsa anthu okhala ndi zomerazo. Chomera chikakhala ndi dzina lakale m'chinenero cha anthu, chikapezeka m'miyambi ndi m'mankhwala awo, umenewo ndi umboni wolemera ngati njere yopserera ya m'phulusa.

Ku Mandu, mzinda wakale wa pamwamba pa phiri m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India, pakati pa mabwinja a nyumba zachifumu ndi mizikiti paima milambe yambiri, mitengo ya ku Africa yonenepa ngati nkhokwe, imene inafika kumeneko zaka mazana angapo zapitazo. Anthu a mtundu wa Bhil amatola malambe ake n'kumagulitsa kwa odzaona malo. Zaka zaposachedwapa munthu wina wamalonda atayamba kuzula ina mwa mitengoyi kuti akaibzale kumunda wake kufupi ndi Hyderabad, anthu a m'deralo anakana, nkhani inakula mpaka akuluakulu a boma analowererapo. Sanafunse kuti makolo a mtengowo anachokera kuti. Ankateteza mitengo yawo. Kumeneko mlambe amautcha Khorasani imli, kutanthauza bwemba wa ku Khorasan, dera la ku Persia kumene mlambe sunayambireko. Mtengo wa ku Africa unapatsidwa dzina la mtengo wina wa ku Africa umene unafika ku India poyamba, n'kukhalitsa mpaka kusanduka muyeso woyezera alendo obwera pambuyo pake.